Ndidziwa bwanji kuti kasitomala wachokera pa Facebook, pa status kapena pa peji yomwe ndalipira?

Nankhoma_Lizulu

Moni nonse muno. Funso langa likupita kwa inu amene mumazitsata za kutsatsa malonda pa intaneti. Ine geni yanga ndi mbatata ya kachewere, ndimaoda kwa alimi ku Bembeke ndi mbali ya ku Tsangano uko nkumatumiza matumba ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ogula ambiri ndi anyamata a chiwaya, malesitilanti ndi azimayi ophika m'maukwati. Nyengo yake ikakwana ndimawonjezako kabichi ndi karoti. Kale zimangoyenda pakamwa, uyu kuuza uyu, koma pano a geni yomweyi tachuluka mumsewu wa M1 muno ndiye ndinayamba kutsatsa.

Panopa ndimabusta post pa Facebook (kulipira kuti ionekere kwa anthu ambiri), ndimaika pa status ndi m'magulu a WhatsApp, komanso pali peji ina ili ndi anthu ambiri ndimamulipira mwini wake kuti aziika chithunzi changa. Mwana wa achemwali anga anandipangiranso kawebusayiti kakang'ono, kali ndi mitengo ndi batani loti munthu adine abwere pa WhatsApp yanga.

Vuto ndi loti mwezi ukatha ndalama zatuluka mbali zonse koma sindidziwa kuti yagwira ntchito ndi iti. Munthu amangolemba kuti "mbatata ilipo?" ndikamufunsa mwandidziwa bwanji amati ndinaona pa foni, basi. Wa peji uja amanditumizira screenshot kuti onani anthu masauzande aona, Facebook nayo imandionetsa manambala akuluakulu, koma matumba amene ndakweza pa lole sakufanana ndi manambala amenewo ngakhale pang'ono. Ndipo ya Facebook ija imadula m'madola, kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 kubusta kunasiya kukhala kotchipa, ndiye zimandiwawa kumangoponya ndalama osadziwa.

Ndamva kuti pali ma tracking link. Kodi amagwira bwanji? Amafuna ndalama? Nanga manambala ake ndi okhulupirika kapena ndi zomwezija za screenshot? Chonde ndifotokozereni mwa Chichewa chomveka, ine za kompyuta ndimangodziwa pang'ono.

Mbewe_IT

Mayi Nankhoma, zikomo funsoli ndi labwino ndipo poti webusayiti muli nayo kale theka la ntchito yatha. Nkhani yake ndi yoti malo aliwonse amene mukutsatsa mumawapatsa linki yawoyawo, onse akupita pa webusayiti imodzi yomweyo koma kumapeto kwa linki kuli timawu tonena kuti munthuyu wadzera kuti. Zili ngati mmene alimi amalembera chizindikiro pa thumba lisanakwere lole, mbatata ndi yomweyo koma likafika ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe aliyense amadziwa lake.

Timawu timeneti amati ma UTM. Anayambitsa ndi kampani ina yotchedwa Urchin yomwe Google inagula mu 2005 nkupanga Google Analytics, ndipo mpaka pano ndi zaulere. Alipo asanu koma inu atatu akukwanirani: utm_source ndi kumene munthu wachokera, utm_medium ndi mtundu wa kutsatsako, utm_campaign ndi dzina la kampeni yanu. Enawo ndi utm_content, wosiyanitsa zithunzi ziwiri za kampeni imodzi, ndi utm_term amene amagwira kwambiri kwa olipira pa Google search, ameneyo musavutike naye.

Mwachitsanzo ya kubusta ingaoneke chonchi kumapeto kwa dzina la webusayiti yanu:

/?utm_source=facebook&utm_medium=paid&utm_campaign=mbatata_julayi

ya status:

/?utm_source=whatsapp&utm_medium=status&utm_campaign=mbatata_julayi

ya wa peji uja mumaika dzina la peji yake pa source, pa medium nkulemba kuti peji. Simufunika kulemba pamanja, sakani Campaign URL Builder ya Google, mumangodzaza mabokosi yokha imakupangirani linki.

Koma linki payokha siwerenga kanthu, chowerenga ndi Google Analytics ndiye mwana wa achemwali anuyo aike kaye kakhodi kake pa webusayiti. Aonetsetse kuti ndi GA4, imene ndi Google Analytics yatsopano, chifukwa yakale ija Universal Analytics inasiya kuwerenga pa 1 Julayi 2023 ndipo mavidiyo ambiri ophunzitsa pa YouTube akuonetsabe yakaleyo, angasokonezeke. Akaika, mumapita pa Reports, kenako Acquisition, kenako Traffic acquisition, nkusankha kuti ikuonetseni source ndi medium. Pamenepo muona mzere wa facebook, mzere wa whatsapp, mzere wa peji, uliwonse ndi anthu ake.

Chifukwa chake ndikulimbikira ma UTM ndi WhatsApp. Munthu akadina linki wamba kuchokera pa status kapena m'gulu, nthawi zambiri Analytics imangolemba kuti direct, ngati kuti munthuyo anachita kutaipa yekha dzina la webusayiti. Ndiye kwa ife kuno amene malonda ambiri amayenda pa WhatsApp, popanda UTM status yanu imaoneka ngati sikugwira kanthu chonsecho mwina ndi imene ikukudyetsani. Facebook nayo popanda UTM imamwazika, pena m.facebook.com pena l.facebook.com pena lm.facebook.com, ndipo simungasiyanitse yolipira ndi post wamba.

Zoti musamale, muzilemba zilembo zing'onozing'ono nthawi zonse chifukwa Facebook ndi facebook imaziwerenga ngati zinthu ziwiri, ndipo mukhale ndi kope kapena Google Sheet yolembamo linki iliyonse ndi kumene mwaiika, apo bii pakatha miyezi itatu simudzakumbuka kuti kampeni2 inali chani. Komanso ma UTM musawaike pa mabatani a m'kati mwa webusayiti yanu yomwe, ndi a linki zochokera kunja basi.

Ndipo chachikulu, batani la WhatsApp lija. GA4 ikhoza kuwerenga munthu akadina linki yotuluka pa webusayiti, ndiye mumuuze mwana wa achemwali anuyo aike kudina batani limenelo ngati key event, kutanthauza chinthu chofunika choti iziwerenga pachokha. Mukatero simukungoona kuti abwera angati, mukuonanso kuti mwa obwerawo ndi angati anafika poti ndilankhule ndi mayiwa, ndipo anachokera kuti.

Jere_wa_Kampepuza

A Mbewe mwafotokoza bwino koma ine ndikuona ngati mayiwa mwawapatsa katundu wolemera. Kasitomala wawo ndi mnyamata wa chiwaya ku Kawale kapena ku Ndirande, dzanja lina lili pa chipande lina pa foni, alibe nthawi yotsegula webusayiti. Amafuna mtengo wa thumba, ndi mtundu wa Rosita kapena Violet, ifika liti. Bwanji osangomupititsa pa WhatsApp pompo?

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi ndipo webusayiti ndilibe, koma ndimadziwa oda iliyonse kumene yachokera. Ndimagwiritsa linki ya wa.me. Mumalemba wa.me/265 nkutsatiza nambala yanu mutachotsa ziro woyambirira uja, osaika + kapena mipata, kenako ?text= ndi meseji imene mukufuna kuti izioneka kale m'bokosi munthu akadina. Pomwe pali mpata pakati pa mawu mumaika %20. Ndiye ya Facebook meseji yake ikhale "Moni, ndaona mbatata pa Facebook", ya peji ija "Moni, ndaona mbatata pa peji yakutiyakuti", ya gulu la azimayi ophika ikhalenso yake. Munthu amangodina send, inu meseji ikafika mwadziwa kale osafunsanso. Ena amafufuta nkulemba zawo koma ambiri amangotumiza mmene ilili chifukwa yawapeputsira.

Kenako ngati muli pa WhatsApp Business, ndipo ngati simuli sinthani lero ndi yaulere, mumaika label pa chat iliyonse. Ine ndinapanga ma label a kumene munthu wachokera ndi ena a pamene nkhani yafika, wangofunsa, waoda, walipira. Madzulo ndikamawerengera za Airtel Money ndi Mpamba ndimalemba m'kope, dzina, wachokera kuti, mabasiketi angati, ndalama zingati. Kumapeto kwa mwezi masamu ake ndi a sitandade 5. Tiyerekeze mwalipira wa peji K40,000 ndipo kuchokera kwa iye agula anthu awiri, ndiye kuti kasitomala mmodzi wakudyerani K20,000. Kubusta mwalipira K40,000 yomweyo agula asanu ndi atatu, mmodzi K5,000. Apa simufunikanso munthu wokuuzani kuti mwezi wamawa ndalama ipite kuti.

Koma musathamangire kuweruza ndi oda yoyamba yokha mayi. Wa lesitilanti mmodzi amene azitenga matumba sabata iliyonse chaka chonse amaposa anthu khumi ogula kathumba kamodzi nkusowa. Ndiye m'kopemo muzionanso kuti obwereza achokera mbali iti. Kwa ine magulu a WhatsApp amabweretsa anthu ochepa koma okhazikika, Facebook imabweretsa ambiri ofunsa mtengo nkungoti chabwino ndikuuzani.

Za stika pa matumba kapena chikwangwani pa msika, linki yomweyo mukhoza kuisandutsa QR code, kabokosi ka timadontho kamene munthu akakajambula ndi foni linki imatseguka, koma kunena zoona anthu athu ambiri sajambula QR, amangokopera nambala. Pamenepo bola kulemba kuti "nenani mawu oti LIZULU tikuchotserani pang'ono", akanena mwadziwa kuti waona chikwangwani.

Nankhoma_Lizulu

Achimwene a Jere iyi ya wa.me ndaiyesa pompano pa foni ya mwana wanga yatheka, meseji yabweradi yolembedwa kale. Koma linki yake yatalika zedi, ma %20 mbwee, pa status ikuoneka zosalongosoka. Ndamva za Bitly yofupikitsa, ndipo akuti imawerenganso ma click. Ndigwiritse imeneyo? Ndiye wa peji uja ndizimulipira malinga ndi ma click a pa Bitly?

Namaseko_Dedza

Achemwali ayi, pa ma click pokha musamange mgwirizano. Ine ndimayang'anira zotsatsa za malo ena ogona alendo kuno kwa Dedza, alendo athu ambiri ndi opita ku Chongoni kukaona zojambula za m'miyala zija ndi odutsa pa boda kupita ku Mozambique, ndiye manambala amenewa ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Click si munthu, ndipo munthu si kasitomala.

Poyamba pa Facebook penipeni pali manambala angapo ofanana maina. Pali clicks all, imeneyo imawerenga chilichonse, wadina chithunzi kuti chikule, wadina dzina la peji, wapanga like. Pali link clicks, amene adinadi linki. Ndiye pali landing page views, amene tsamba linatsegukadi pa foni yawo. Mukaika atatuwa pamodzi muona kutsika kwake, ndipo kuno kwathu kutsika kwa pakati pa link clicks ndi landing page views kumakhala kwakukulu chifukwa cha ma bandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya Facebook yokha kapena WhatsApp yokha, akadina linki yopita kunja foni imangozungulira osatsegula, iye nkubwerera. Facebook yawerenga click, inu mwalipira, koma pa Google Analytics palibe munthu. Kuwonjezera apo netiweki ya m'mapiri mwathu muno, kawebusayiti kakakhala ndi zithunzi zolemera munthu amatopa kudikira. Ena amatsegula ndi Opera Mini yosunga data ija, nayonso nthawi zina kakhodi ka Analytics sikathamanga bwino. Ndiye manambala a Facebook, a Bitly ndi a Analytics sadzafanana, musadabwe ndipo musaganize kuti wina wakuberani.

Bitly ndi yabwino pofupikitsa ndi kuona mwachangu, koma ya ulere ili ndi malire a linki zomwe mungapange pa mwezi, ndipo ganizirani za bandulo zomwezi, mwaika siteshoni ina pakati yomwe munthu wa bandulo ya WhatsApp yokha mwina sadutsa. Yesani nokha, gulani bandulo ya social yokha pa layini ya Airtel ndi ya TNM, dinani linki zanu zonse muone yotseguka ndi yokana, musanalipire aliyense. Chinanso anthu anaopsezedwa ndi akuba aja otumiza linki zoti mwawina mphoto, ndiye akaona linki yaifupi yosadziwika bwino ambiri sadina. Ndipo linki zofupikitsa ndi za eni ake, Google inali ndi yake goo.gl inaitseka, linki zina zakale zinasiya kugwira ntchito. Ngati mwana wa achemwali anuyo angathe, akupangireni zazifupi pa webusayiti yanu yomwe, monga dzina la webusayiti kenako /peji kapena /status, zizilumphira ku linki yaitali ija. Imeneyo ndi yanu ndipo dzina lanu likuoneka.

Za wa peji uja, mukamuuza kuti ndikulipira pa click iliyonse, mawa aponya linki m'gulu la anzake kuti aliyense adine kasanu. Sindikunena kuti onse ndi otero koma mwamutsegulira khomo. Mulipireni pa meseji zofika kwa inu zokhala ndi mawu a peji yake, kapena bwino kwambiri kandalama kokhazikika pang'ono kuphatikiza kena pa thumba lililonse logulidwa kudzera mwa iye. Amene akudziwa kuti anthu ake ndi enieni savuta kuvomera.

Komanso pobusta, poti cholinga chanu ndi WhatsApp, sankhani kuti ad izitumiza anthu pa WhatsApp mwachindunji m'malo mwa webusayiti. Facebook imakuonetsani ma conversation amene ayambika ndi mtengo wa iliyonse, ndipo chat ikafika imaonetsa kuti yachokera pa ad. Musaiwale kusankha dera, Lilongwe ndi Blantyre basi, chifukwa mukasiya Malawi yense mulipirira anthu a ku Karonga amene lole yanu sifikako.

China chimene chimandivuta ine mpaka pano ndi ichi, linki imangokuuzani khomo lomaliza limene munthu walowera. Mnyamata waona ad yanu pa Facebook Lolemba sanadine, Lachitatu waonanso pa peji ija, Lachisanu mnzake wamutumizira linki ya pa status yanu ndiye waoda. M'kope mulemba status, koma anamufewetsa ndi awiri oyamba aja. Ndipo linki zimayenda, imene munaika m'gulu la azimayi ophika ipezeka yafika m'gulu la mpingo ku Zomba ikunenabe kuti gulu la ophika. Choncho musanadule njira ina chifukwa manambala ake ndi ochepa, iimitseni kaye masabata awiri kapena atatu muone ngati maoda onse pamodzi atsika. Ndipo poyerekeza muzikumbukira nyengo, sabata ya malipiro kumapeto kwa mwezi ndi pakati pa mwezi sizifanana, nthawi imene mbatata yasefukira pa msika ndi nthawi ya kusowa sizifanananso, mungaimbe mlandu Facebook chonsecho ndi mtengo wa ku Wakawaka wagwa.

Mbewe_IT

Anamaseko akunena zoona pa za bandulo, ndipo a Jere njira yanu ndaivomera kuti kwa a chiwaya ndi imene ili yachangu. Koma webusayiti musaitaye mayi. Wogula wa hotelo kapena wa sukulu yogonera konko amafuna aone kaye kuti ndinu ndani asanatumize ndalama ya matumba makumi awiri kwa munthu sanamuonepo, ameneyo amatsegula webusayiti pa kompyuta ya ku ofesi ndipo UTM imamugwira bwinobwino. Ndiye ziwirizi ziyendere limodzi, wa.me kumene kuli a chiwaya, UTM kumene mukusaka ma oda akuluakulu.

Ndiwonjezere ziwiri. Mukadzaona Analytics ikunena kuti anthu onse ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre ngakhale mwadina nokha muli pa Lizulu, musatekeseke, imangoyerekeza potengera netiweki ya kampani ya foni, ndiye za mizinda musazidalire kwambiri. Ndipo pa linki zochokera pa Facebook muziona chinthu chachitali chakuti fbclid chikudziphatika chokha kumapeto, chimenecho ndi cha Facebook, si chanu, chisiyeni. Ma iPhone kuyambira iOS 17 amachotsa zoterezi malo ena koma ma UTM amawasiya, ndiye anu aja azigwirabe.

Chachiwiri ndi chofunika, musaike dzina la munthu kapena nambala yake ya foni m'kati mwa UTM ngati njira yodziwira kuti wadina ndani. Malamulo a Google Analytics amaletsa zimenezo, ndipo kuno tili ndi Data Protection Act ya 2024 imene akuyang'anira ndi a MACRA. Kope la makasitomala lija nalonso ndi lanu nokha, wa peji akafuna umboni muonetseni chiwerengero cha meseji, osati manambala a anthu.

Jere_wa_Kampepuza

Eya a Mbewe pamenepo tagwirizana. Mayi, kuyamba kwake musapange linki khumi, zitatu basi, Facebook, peji ndi magulu. Status isiyeni, amene akuona status ali kale ndi nambala yanu amangoyankha pomwepo ndipo WhatsApp imaonetsa yokha kuti wayankha status. Ndipo ngati pali mnyamata amene amakugwirirani foni mukakhala ku munda kokweza, mumuphunzitse kuika label nthawi yomweyo meseji ikangofika, chifukwa akadikira madzulo ma chat amakhala atasakanikirana ndipo oimba foni amaiwalika. Oimbawo muziwafunsabe, koma osati mwandidziwa bwanji, muziti mwaona pa Facebook kapena wakuuzani munthu, akasankha pa ziwiri amayankha zomveka.

Nankhoma_Lizulu

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Linki zitatu ndapanga, kope ndagula, ndipo mwana uja akuti Loweruka aika GA4 ndi timalinki tatifupi pa webusayiti. Wa peji ndamulembera za kulipira pa thumba logulidwa, wawerenga koma sanayankhe. Anamaseko, kwanuko mumawapatsa zingati pa handiredi anthu oterewa? Pa mbatata phindu la thumba ndi lochepa mukachotsa transipoti ndi okweza, ndiye ndikufuna ndidziwe poyambira asanandiuze mtengo wake iyeyo.